Ndithandizeni nyimbo za Khirisimasi zopekedwera mafilimu

Abale ndi alongo okonda zoimba, ndikupempha thandizo lanu. Ndimaphunzitsa kwaya ya ana, ndipo chaka chino tikufuna kuti pa Khirisimasi tiimbe nyimbo zimene zinapekedwera filimu mwachindunji, osati zakalekale zimene filimu inangobwereka.

Imene yandigwira mtima ndi "Star of Bethlehem", yomwe John Williams anapekera filimu ya Home Alone mu 1990, mawu ake analemba Leslie Bricusse. Ukaimva ungaganize kuti ndi nyimbo ya m'tchalitchi ya makolo akale, chifukwa ndi yodekha ndipo mawu a ana amakwera pang'onopang'ono mwaulemu. "Somewhere in My Memory" ya m'filimu yomweyi ana anga aigwira kale. "Believe" ya mu The Polar Express ya 2004 ndi yokoma, koma Josh Groban anaimba yekha, ndipo kwa ife ikufuna mawu okhwima kwambiri.

Kodi mukudziwa zina zoterezi zoyenera ana, makamaka zonena za kubadwa kwa Yesu? Nanga pali amene ali ndi manotsi ake m'kalembedwe ka do-re-mi? Ana anga sawerenga manotsi a pamizere isanu aja.