Ndigule lifiti iti ya galimoto, kapena ndingokumba dzenje?

Akuluakulu, makamaka inu amakaniko, ndithandizeniko nzeru. Ndimakonza ndekha Hilux yanga ndi ka Vitz ka mayi akunyumba, koma zomagona chagada kunsi kwa galimoto yokwezedwa ndi jeke msana wayamba kukana.

Mtima uli pa lifiti ya mizati iwiri, yonyamula matani 4, chifukwa kunsi konse kumakhala poyera, kutsitsa giyabokosi sikuvuta. Vuto ndi galaja yanga. Denga ndi lalifupi, silifika mamita 3, ndiye Hilux singakwere mpaka ine kuima mowongoka. Simenti ya pansi nayo ndi yopyapyala. Kodi kungoswa pomwe paime mizati n'kuthirapo konkire yokhuthala n'kokwanira, kapena mabawuti adzazukabe? Apa ndiye pakundiopsa, galimoto si chinthu choti chikugwere.

Lifiti ya scissor, ija ya zitsulo zopingasana ngati sizasi, ingakwane bwinobwino, koma imatchinga pakati, pomwe ine ndikufuna kufikapo.

Magetsi kwathu ndi a single phase, awa wamba a m'nyumba. Nanga akazima galimoto ili m'mwamba, imatsika pamanja?

Alamu anga akuti ndisataye ndalama, ndingokumba dzenje. Komatu kuno dzinja madzi sachedwa kutumphuka pansi.

Amene muli nayo lifiti, maseal a hydraulic (timphira totchinga kuti oyilo asamadonthe) akatha mumawapeza ku Lilongwe konkuno, kapena mpaka kuitanitsa ku Joni?