Mabuloko awiri ofanana koma ina ikusowa mayunitsi 7,700, ndiyambire pati?

Spana_Berea
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndimayang'anira magetsi pa mabuloko awiri a mafulati kuno ku Berea m'Joni, body corporate (bungwe la eni mafulati) imodzi, anamangidwa limodzi, geti limodzi. A ili ndi mafulati 40, B ili ndi 36. Iliyonse ili ndi bulk mita yake (mita yaikulu ya buloko yonse) ya CT (current transformer, kachida kochepetsa ma amp kuti mita iwerenge), kenako fulati iliyonse sabumita, mita yakeyake, ya prepaid. June uyu bulk ya A yawerenga 21,000 kWh, ma sabumita 18,900. Bulk ya B 24,500 koma ma sabumita 16,800 basi. Ndiye A ikusowa 2,100, zomveka, koma B ikusowa 7,700! Matrasti, oyendetsa body corporate, akufuna lipoti Loweruka, akuti ndiwauze buloko yowononga ndi iti akweze levy, ndalama zomwe eni mafulati amasonkha. Ndakilampa (kuyeza ma amp ndi kilampu) ma riser, mawaya okwera m'mafuloo, masana, palibe chachilendo. Chonde musandiuze za magiza otenthetsa madzi, magiza onse ali kuseri kwa ma sabumita, sakukhudza nkhaniyi.

Madala_Turffontein
Akuba magetsi amenewo achimwene. Mayunitsi 7,700 sangasowe okha. Tsegulani ma sabumita a B imodziimodzi, mupeza waya wolumpha. Ine ndakalamba ndi ntchito imeneyi muno m'Joni.

Anamita
Achimwene musanayambe kugogoda m'makomo mwa anthu, 16,800 imeneyo mwaitenga kuti? Ngati ndi pa lipoti la kampani yogulitsa matokeni, amenewo ndi mayunitsi ogulidwa, si ogwiritsidwa ntchito. Munthu akalandira pa 25 May amagula ambiri, n'kumadya pang'onopang'ono mu June monse, inu pa pepala la June simuwaona. Chofunika ndi kuwerenga total kWh pa mita iliyonse, tsiku lomwelo lomwe mukuwerenga bulk, ngati n'kotheka m'mawa womwewo. Pakatha mwezi mubwereze. Chinanso onani masiku pa mabilu awiriwo ngati akufanana, ndipo ngati palembedwa estimated musavutike n'kuwerengera komwe, nambalayo ndi yongoganizira. Ndimagwira mabilu a mabuloko tsiku lililonse, zambiri zomwe anthu amakanganirana zimathera pa masiku.

Spana_Berea
Eya achemwali ndi za matokeni. Koma ndi njira yomweyo mabuloko onse awiri, nanga A ikutuluka bwino bwanji? Mabilu onse actual, A masiku 30, B masiku 31.

Anamita
Tsiku limodzi la B ndi mayunitsi pafupifupi 790, chotsanipo. Atsala cha m'ma 6,900. Akadali ambiri, sindikukana, koma mwaona kuti nambala yayamba kale kusuntha musanagwire sikuludiraiva. Ndipo musayerekeze ndi marandi pamaso pa matrasti. Mtengo wa magetsi umakwera ndi makwerero, wogwiritsa ntchito ambiri amalipira yuniti modula, komanso mitengo ya masipala imasintha pa 1 July. Khalani pa kWh.

ThiriFezi
Amwene CT mwaiona? Osati pa bilu, pa chitsulo chenichenicho. Werengani ratio yolembedwa pa CT, muyerekeze ndi multiplier yomwe akuchulukitsira. 200/5 ndi 40, 250/5 ndi 50, 300/5 ndi 60. Tiyerekeze ma CT a B ndi 250/5 koma pepala likunena 60, ndiye kuti 24,500 yanuyo kwenikweni ndi 20,400 ndi kanthu, kusowako kwatsika kufika cha m'ma 3,600.

Ndinaziona ku Rosettenville. Kontilakita wina anakulitsa supply, n'kuika ma CT akuluakulu, osauza aliyense wa mapepala. Kumeneko zinapita mbali inayo, bilu inatsika, matrasti n'kumayamika keyateka kuti akusamala magetsi mpaka kumugulira mphatso. Zitadziwika analipiritsidwa bilu ya m'mbuyo monse, anthu analira, agogo ena a penshoni mpaka kugulitsa fulati. Ine ndinangoitanidwa kudzatsimikiza, koma mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Koma tamverani. Secondary ya CT, mawaya opita ku mita aja, musaitsegule magetsi akudutsa, volteji imakwera koopsa, mutha kupsa kapena kufa kumene. Ndipo ngati pali silo (kachidindo kotsekera mita) ya City Power, kapena Eskom kwa inu a ku Soweto ndi Sandton, musaidule. Onani ndi tochi, jambulani, basi. Mukakayika lembani kalata yopempha kuti adzayeze mitayo.

Madala_Turffontein
Za CT zimachitika kamodzi pa zaka khumi. Kuba kumachitika tsiku lililonse. June kukuzizira chonchi, munthu ali ndi ana, hita ikudya mayunitsi, mukuganiza achita chiyani? Pemphani mndandanda wa ogula muone mafulati omwe sanagule kapena akugula R50 mwezi wonse koma usiku mukuwala. Paja mu November 2024 mamita onse a prepaid ankayenera kulowetsedwa matokeni awiri aja a manambala 20 kuti achoke pa KRN 1 apite pa KRN 2, makiyi atsopano a matokeni. Mita yomwe sinasinthidwe siilandira tokeni yatsopano. Ndiye mukapeza mita ili pa KRN 1 koma m'nyumba akuphika, mukufunanso umboni wanji?

ThiriFezi
Apo madala mwanena zoona, mndandanda umenewo aufunse. Koma kuti mufike 6,900 ndi kuba kokha, pa avereji ya B ya mayunitsi osakwana 500 pa fulati, ndiye kuti mafulati oposa khumi alumphitsa kotheratu. Keyateka akanadziwa.

Madala_Turffontein
Keyateka amadya nawo.

Mjomba_Hillbrow
Madala pepani, ine ndine keyateka, tisanyozane. Mphwanga wa ku Berea, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wati wakilampa masana, masana suona kanthu. Dzuka 2 koloko usiku anthu atagona, ukilampe pa main ndi pa DB ya common (bokosi la ma breaker a malo a onse monga makolido), uone chimene chikudya anthu ali m'tulo. Lemba chilichonse chomwe sichidutsa pa sabumita. Machubu akale aja a 58W akakhala 60 m'makolido ndi m'masitepe, osazima usana ndi usiku, ndi mayunitsi 2,500 pa mwezi, osawerengera balasiti. Hita ya alonda pa geti ya 2kW, maola 12 usiku uliwonse, 720. Lifiti. Mota ya geti. Pampu.

Pampu ndiye ndiime pang'ono. Kwathu kuno float switch ya thanki ya padenga, yozimitsa pampu thanki ikadzaza, inafa, pampu ya 3kW n'kumangozungulira osapuma, madzi akusefukira m'paipi ya overflow kulowa m'ngalande, palibe anamva chifukwa chipinda cha pampu chili pansi kuseri kwa zinyalala. Werengera wekha, 3 kuchulukitsa 24 kuchulukitsa 30, mayunitsi 2,160, kuphatikizapo bilu ya madzi yomwe inatigwetsa pansi. Miyezi imeneyo matrasti ankaloza zala anthu a pa fuloo yachisanu kuti ndi akuba, mayi wina wa ku Zimbabwe mpaka anasamuka ndi manyazi, alibe mlandu uliwonse.

Funso langa lalikulu, padenga pa B pali chiyani? Mabuloko akale a ku Berea, Hillbrow ndi Yeoville anamangidwa ndi tizipinda padenga ta antchito a m'nyumba nthawi ya tsankho. Tambiri tinalumikizidwa ku common kuyambira kalekale, topanda mita. Onanso ngati pali mlongoti wa kampani ya mafoni kapena shopu pansi.

Spana_Berea
Amjomba!! Padenga pa B pali zipinda 8, zonse muli anthu a lendi. Za pa A ndi mositoramo katundu. Lendi amalipira kwa body corporate, ndimayesa ali ndi mita imodzi yawo koma pa mndandanda wa matokeni sindikuwaona. Ndikwera mawa.

Madala_Turffontein
Mwaona? Ndinanena ine. Akuba.

Mjomba_Hillbrow
Si kuba kumeneko madala. Munthu wapatsidwa chipinda, soketi ili pakhoma, akulipira lendi, waba chiyani? Waya anaika ndi womanga nyumba iye asanabadwe.

Madala_Turffontein
Akugwiritsa ntchito magetsi osalipira, ena akumulipirira. Mutche dzina lomwe mukufuna. Ndipo ndikubwerezanso, pansipo ma sabumita muwatsegule, zipinda 8 sizingadye 6,900.

Anamita
Pomaliza apo madala akhoza kukhala ndi mfundo. Ngakhale chipinda chilichonse chitadya 400 ndi hita ndi sitovu ya mapuleti awiri, ndi 3,200. Onjezani 2,000 ya common wamba ngati ya A, patsalabe china. Koma achimwene chonde, mukakapeza kuti ali pa common musakagwetse breaker. Matrasti akuuzani kuti kadule, kanani. Kudulira munthu wa lendi magetsi popanda chilolezo cha khoti ndi kuphwanya lamulo kuno, akapita ku Rental Housing Tribunal dzina lomwe litchulidwe ndi la amene anagwira breaker, ndinu. Komanso okhala m'tizipinda timeneto kawirikawiri ndi anthu athu omwe, alonda, amayi ogwira ntchito m'makomo. Aikireni mamita, apatsidwe notisi yolembedwa, lendi ikambidwenso. Nkhani ya levy nayo si yongodzuka n'kukweza buloko imodzi, levy imatsata participation quota, gawo la mwini fulati aliyense malinga ndi kukula kwa fulati yake, eni mafulati a B akhoza kukadandaula ku CSOS, ofesi ya boma yomva milandu ya m'mabuloko. Inu perekani manambala, zigamulo asiyireni eni ake.

Kamwana_Yeoville
Akuluakulu ine ndikadali pa maphunziro, ndifunse nawo. Ku koleji anatiuza za EPC, satifiketi yosonyeza mphamvu zomwe nyumba imagwiritsa ntchito, kuti nyumba zimayerekezedwa ndi kWh pa sikweya mita pa chaka. Sizingathandize apa?

ThiriFezi
Lamulo la EPC la 2020 lija ndi la maofesi, masukulu, malo osonkhanira ndi achisangalalo, opitirira 2,000 m² ngati ndi a anthu wamba, 1,000 m² ngati ndi a boma, muyezo wake SANS 1544. Mafulati okhalamo mulibe. Njirayo ungabwereke, miyezi 12 yathunthu kugawa ndi kukula kwa nyumba, osati June yekha. Koma samala zaka, 2023 magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ukayerekeza ndi chaka chopanda load shedding uona ngati anthu ayamba kuwononga pomwe magetsi angokhalapo. Ndipo kilampu imakupatsa ma amp, si kWh. Pa mota za lifiti ndi pampu power factor, kusiyana kwa ma amp ndi mphamvu yeniyeni, imakunamiza. Chofunika apa ndi logger ya thiri fezi, chida choyeza ndi kusunga manambala chokha, ikhale pa DB ya common sabata yathunthu.

Anamita
Sikweya mita ku Berea imanama mwana wanga. Fulati ya chipinda chimodzi ina muli anthu awiri, ina muli 9 atagawa ndi makatani, aliyense ketulo yake. Giza ya malita 150 kuitenthetsa kuchoka pa 15 kufika 60 digiri ndi mayunitsi pafupifupi 8, ndiye ikamatha kawiri katatu pa tsiku? Ine ndimayang'ana mita ya madzi kuti ndidziwe kuchuluka kwa anthu, chifukwa ukawafunsa sanena zoona, amaopa landilodi. Kwinanso ndi dzuwa. Mafulati oyang'ana kumpoto amawothera dzuwa la June tsiku lonse, oyang'ana kumwera ndi ozizira, hita siizima. Mabuloko awiri akhoza kufanana pa pulani koma wina anatembenukira kwina.

Mjomba_Hillbrow
Mphwanga ukakwera padengapo usapite wekha, ndipo uyang'ane waya wopita kumeneko. Wakale uja wa 2.5 mm² atanyamula mahita 8 amakhala wofunda ngati akuphika. Ukaupeza wotero ulembe mu lipoti ndi zithunzi, usunge kope yako. Moto ukabuka adzafunsa kuti wamagetsi anali ndani.

ThiriFezi
Ndipo mamita atsopanowo akafuna COC, satifiketi yoti mawaya ali bwino. Uli ndi laisensi kapena ukusainitsa kwa wina? Usaike dzina lako pa waya womwe sunauyeze.

Kamwana_Yeoville
Logger yotereyi imabwerekedwa kuti? Kugula sindingakwanitse.

ThiriFezi
Ndinali nayo, ndinabwereka mnyamata wina wa kwathu ku Ntcheu, anabweza koilo imodzi itaduka. Pano sindibwereketsanso, ndimabwera nayo ndekha ndi kulipiritsa tsiku. Ndilembere kumbali.

Madala_Turffontein
Logger ya chiyani, kuwononga ndalama. Tochi ndi sikuludiraiva basi. Yambani fuloo yoyamba ya B, amene akukana kutsegula chitseko ndi yemweyo.

Mjomba_Hillbrow
Madala simungalowe m'nyumba ya munthu popanda notisi, mudzamumangitsa mwanayu.

Madala_Turffontein
Notisi ndi yomwe imawapatsa mpata wochotsa waya. Ine ku Bertrams ndinkapita 5 koloko m'mawa ndi tcheyamani wa matrasti, akadali m'mabulangete.

Kamwana_Yeoville
A ThiriFezi ndakulemberani, onani foni. Logger ya 400A ikwana pa main ya mafulati 24?