Nyamakazi ya msana: mutu ukupendekeka mwiniwake osadziwa, mafizo ake ndi ati?

Wofunsa: Moni nonse pa gulu lino. Funso langa likupita kwa a mafizo ndi ena odziwa za ankylosing spondylitis, nyamakazi ija youmitsa msana. Wodwalayo ndi wa zaka za m'ma 30, akumwa mankhwala a ululu ndi kutupa otchedwa naproxen, ndipo kuuma kwa m'mawa kwachepa. Vuto ndi khosi. Akatembenuka n'kubwerera amaona ngati mutu uli pakati, chonsecho wapendekera kumanja, chibwano chatsogola. Mumdima amadzandira pang'ono. Kodi ndi matenda omwewa? Apange mafizo ati, kangati? Nanga kupita kwa aja oliza khosi kungathandize?

Wa mafizo: Zimachitika ndithu, achimwene. Timinofu ta pansi pa nkhongo tili ndi timitsempha tambirimbiri touza ubongo pamene mutu uli. Ubongo umaphatikiza uthengawo ndi wochokera m'maso komanso mkati mwa khutu. Molumikizana mafupa mukatupa, minofu n'kuuma, munthu n'kuzolowera kutembenuka ndi thupi lonse poopa ululu, uthenga wa m'khosi umasokonekera. Masana maso amabisa vutolo, n'chifukwa chake limaonekera mumdima.

Yambani mwayeza kaye. Mangirirani ka laser (katochi kakang'ono koonetsa kadontho kowala pakhoma) pachipewa chothina, kasamasunthe. Akhale pampando wotsamira, mapazi pansi, mutu utalikirane ndi khoma masentimita 90. Ayang'ane kutsogolo, inu muchonge pamene kadontho kagwera. Atsinzine, atembenukire kumanzere pang'onopang'ono mpaka pamene sakumva kuwawa, abwerere pamene akuyesa kuti ndi pakati, anene kuti "pano". Chongani, mumubwezere pa chizindikiro choyamba, ayambirenso. Ka 6 kumanzere, ka 6 kumanja, muyeze kutalika kwa chizindikiro chilichonse kuchokera pa choyamba chija, mutenge avereji. Pa mtunda umenewu masentimita 7 ndi pafupifupi madigiri 4.5, ndipo akamaphonya kuposa apo timati pali vuto. Chimene chimawononga muyeso kawirikawiri ndi mapewa kutembenukira limodzi ndi mutu, komanso kusuzumira.

Dokotala wa za nyamakazi: Pepani ndikuduleni pakamwa, a mafizo. Asanayambe chilichonse adziwe ngati mafupa a m'khosi agwirana kale, ndipo chodziwira ndi X-ray. Matendawa akakhalitsa amamera fupa latsopano lolumikiza fupa la msana ndi linzake. Khosi lotero silipindika, komanso mafupa ake amakhala ofooka mkati, moti limatha kuthyoka ngakhale pogwa pampando, makamaka cha m'munsi, pakati pa fupa la m'khosi la nambala 5 ndi la nambala 7 powerenga kuchokera kumutu (C5 ndi C7). Ndiye za oliza khosizo ayi. Asayese n'komwe, kaya ndi wophunzira kaya ndi wongozolowera.

Akagwa kapena kugunda mutu n'kumva ululu watsopano m'khosi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, anene dzina la matenda ake asanamugoneke. X-ray wamba imaphonya kuthyoka kwa mtundu umenewu, pamafunika makina ojambula mkati mozama otchedwa CT kapena MRI. Omunyamula asamuwongole khosi mokakamiza kuti nkhongo ifike pamachira. Amutsamiritse momwe khosi lake limakhalira masiku onse. Dzanzi m'manja, kugwetsa zinthu, miyendo kufooka, kulephera kugwira mkodzo, kuona zinthu ziwiriziwiri, chizungulire champhamvu potembenuka: zonsezi si za mafizo a kunyumba, n'zothamangira nazo kuchipatala.

Wofunsa: Zikomo adokotala. X-ray yaposachedwa inaonetsa kuti m'chiuno ndi momwe mwakhudzidwa, khosi silinagwirane. Ndiye a mafizo pitirizani.

Wa mafizo: Chabwino. Apa sitikufuna mphamvu, tikufuna kulunjika. Mphindi 10 mpaka 15 patsiku zikwana, makamaka akatha kusamba madzi ofunda, kuuma kwa m'mawa kutatsika.

Choyamba ndi muyeso uja womwewo, koma tsopano akabwerera atsegule maso, aone pamene waphonya, akonze yekha, akhale pamenepo masekondi angapo kuti thupi limve kuti pakati ndi apa. Kukonzako ndiye phunziro lenileni. Wongobwereza osayang'ana akungolimbitsa cholakwa. Ka 10 mbali iliyonse, kenako kuyang'ana m'mwamba ndi pansi. Zikayamba kuyenda, jambulani mzere wokhotakhota kapena nambala 8 yaikulu papepala, mumate pakhoma, azilondola ndi kadontho ka laser maso ali otsegula. Kadontho kakamadumphadumpha ndiye kuti akuthamanga.

Chachiwiri ndi maso. Ayang'anitsitse chilembo chimodzi pakhoma uku akutembenuza mutu pang'ono uku ndi uku kwa masekondi 30, chilembocho chisachite chimbuuzi. Kenako mutu ukhale chete, maso okha atsatire cholembera.

Chachitatu ndi minofu ya mkati kutsogolo kwa khosi, imene imagwira chibwano kuti chisatsogole. Agone chagada, maondo opinda, kathaulo kopinda pansi pa mutu ngati nkhongo sifika pansi. Agwedeze mutu pang'ono ngati akuvomera, osaudzutsa, agwire masekondi 10, ka 10. Mukaona minofu iwiri ija yochokera kuseri kwa makutu kutsikira pachifuwa yatukuka, kapena akuluma mano, kapena wasiya kupuma, ndiye kuti akugwiritsa ntchito minofu yolakwika. Achepetse.

Namwino: Ndiwonjezepo pa chachitatucho. Lamba wa chopimira BP cha mpope amathandiza kuona ngati akuchita bwino. Mupindeni, muike kuseri kwa khosi, popani mpaka 20. Akagwedeza mutu singano ikwere pa 22 n'kukhazikika masekondi 10. Akatha ka 10 singano osanjenjemera apite pa 24, mpaka adzafike pa 30. Ambiri amafuna 30 tsiku loyamba, n'kumakanikiza mutu wonse pansi, zimene zilibe phindu.

Membala wina: Bwanji osangozunguza mutu mbali zonse m'mawa uliwonse? N'zosavuta kusiyana ndi za malaserzi.

Wa mafizo: Kuzunguza kumaphatikiza kugadamitsa mutu ndi kupotoza nthawi imodzi, ndipo kumafinya timfundo takumbuyo kwa khosi, tomwe tatupa kale. Atembenuke mbali imodzi payokha: kumanja, kumanzere, khutu kulunjika paphewa, chibwano kulunjika pachifuwa. Ngati laser palibe, galasi lokhala ndi tepi yoongoka pakati limagwira ntchito: atsinzine, atembenuke, abwerere, atsegule maso aone ngati mphuno ili pa tepi.

Za kudzandira, mafizo a maso aja aziwapanga ataimirira akangowazolowera chokhala, mapazi ogundana, kenako phazi lina kutsogolo kwa linzake, pafupi ndi tebulo logwirira.

Wofunsa: Nanga masiku amene matenda abuka, asiye?

Dokotala wa za nyamakazi: Asasiyiretu, chifukwa nyamakazi iyi imauma kwambiri munthu akangokhala. Achepetse kutalika kwa kutembenuka ndi chiwerengero, ngakhale ndi theka. Ululu ukakwera n'kukhalitsa maola oposa 2 atamaliza, wapyola muyeso. Koma kubuka kukamabwera pafupipafupi ngakhale akumwa mankhwala mokwanira, vuto ndi kutupa, ndipo mafizo sathetsa kutupa. Akambirane ndi dokotala wake za mankhwala obaya monga adalimumab kapena secukinumab. Diso likafiira, kuwawa ndi kuopa kuwala, apite kwa a maso mwamsanga, chifukwa kutupa kwa mkati mwa diso kumayendera limodzi ndi matendawa.

Wa mafizo: Muyeso wa laser muubwereze pakatha masabata 6, pampando womwewo, nthawi yomweyo ya tsiku. Kamodzi pamwezi aime zidendene ndi msana zili kukhoma, chibwano chobweza, muyeze kuchokera kukhoma kufika pa kanyama kali kutsogolo kwa bowo la khutu. Nambala imeneyo ikamakwera mwezi ndi mwezi, pitani nayo kwa dokotala pamodzi ndi pepala la miyesoyo.