Buloko ya makalasi awiri: tilipire injiniya kapena tigule simenti?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Injiniya uja anabwera Loweruka, anayendera malo omwe tikufuna kumangapo buloko ya makalasi awiri kusukulu yathu, n'kukumbitsa maenje atatu kuti aone dothi. Akuti chojambula cha bulokoyo cha pepala limodzi chomwe tili nacho chija n'chongoonetsa maonekedwe, mmisiri sangamangire. Akufuna ajambule pulani yatsatanetsatane: maziko, ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), denga, mazenera, zitseko, ndi BOQ, ndiye kuti mndandanda wa zipangizo zonse ndi kuchuluka kwake. Ntchito imeneyi ndi yolipira. Maganizo anu.

Achimwene a ku Joni: Kulipiranso? Ife kuno tikugona mochedwa kuti titumize ya simenti, osati ya mapepala. Mwaiwala November 2023? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama zathu kubanki n'kusungunuka tikuona. Makalasi awiri ndi makoma anayi ndi chipupa pakati, basi. Gulani simenti lero.

Msungichuma: Tigule matumba angati, achimwene? Wina akuti 200, wina 350, aliyense akungoponya. Komanso simenti yogula lero, mvula ikamadzatha tidzapeza miyala m'matumbamo.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndiloleni nditalikitse pang'ono. Kwathu kuno si m'munsi mwa phiri la Zomba komwe ukakumba pang'ono khasu lagunda mwala. Kutsika pa Jali kulowera ku Chilwa, malo ambiri ndi makande. Dzinja amafufuma, chilimwe amang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa. Nyumba ikakhala pamenepo imavina chaka ndi chaka.

Buloko yakale ija ndinali mukomiti yake. Tinagwirizana ndi mmisiri pakamwa, pansi pa mtengo wa mango. Itang'aluka, iye ankati tinamuuza tokha kuti maziko afike m'mawondo, ife tinkati tinanena m'chiuno. Anaweruza ndani? Panalibe pepala ngakhale limodzi. Namondwe Freddy atabwera mu March 2023 denga linanyamuka lonse ngati chipewa, n'kupezeka kuti mitengo yake anangoikhazika pakhoma osaimanga ndi waya. Kunena zoona mmisiriyo sindimuda kwambiri. Palibe anamulembera.

Achemwali a ku Blantyre: Zoona bambo. Ine pempho langa, pa pulanipo paoneke pokwerera njinga za ana olumala. Zikasowa papepala, adzati tidzaika pomaliza, ndipo pomaliza pamakhala ndalama zatha.

Mphwanu wa ku MUBAS: Makolo anga, ndiwonjezereko zomwe tikuphunzira kuno ku yunivesite. Pulani yatsatanetsatane imanena zomwe diso silidzaonanso akapaka pulasitala: kuya ndi kutambalala kwa maziko, kasakanizidwe ka konkire monga 1:2:4, muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, kukula kwa zitsulo monga Y12 (ya mamilimita 12), geji ya malata, pepala lakuda lotchinga chinyontho. Makontirakitala atatu mukawapatsa BOQ imodzi, mitengo yawo mutha kuiyerekeza. Popanda iyo wotchipa amakhala yemwe wachotsa zitsulo mwakachetechete.

Chinanso, tsamba lililonse likhale ndi nambala ndi deti. Mukasintha kanthu, ngakhale kusuntha zenera, lituluke tsamba latsopano, lakale alilembe kuti latha ntchito. Apo ayi mmisiri amamangira lakale, komiti ikuyang'ana latsopano.

Pomaliza, malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi mabungwe. Pamafunika mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza pamakina.

Achimwene a ku Joni: Iwe mwana iwe, nanga njerwa zomwe anthu a midzi itatu aumba kale? Amayi anatunga madzi mwezi wathunthu. Ukawauze ndiwe?

Mayi a komiti ya sukulu: Apa achimwene anena zoona. Amfumu analamula khomo lililonse, ena mpaka analipa nkhuku chifukwa chojomba. Uvuni uli apo. Tikangoti sizigwira ntchito, chitukuko chotsatira sadzabwera munthu.

Mphwanu wa ku MUBAS: Pepani amayi, sindinanene kuti zitayidwe. Koma tidziwe pano, chifukwa khoma la mabuloko ndi la njerwa kawerengedwe ka simenti n'kosiyana, BOQ yonse imasintha.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Alembi, mawa lembani kalata ku khonsolo ya boma la Zomba, ku ofesi yoona zomangamanga, tifunse za njerwazo, ndipo yankho libwere lolemba, osati la pafoni. Pulani ikatha idzadutsanso komweko. Makope akhale atatu: kwa ahedi, kwa amfumu, kwa alembi. Zomwe takambirana pano zilowe m'buku la maminitsi, mafoni amatayika. Za kulipira injiniya tivota Lachitatu madzulo.

Achimwene a ku Joni: Ine voti yanga ikadali ya simenti. Koma mukapambana, pulaniyo muijambule muiponye muno tsamba lililonse, ndi risiti ya injiniyayo.

Msungichuma: Risiti mudzaiona. Inunso ndalama yanu ya mwezi watha sinafike, achimwene.