Ndithandizeni: ndilembe ndani pa difensi ya Philadelphia Eagles ya pa 4 Seputembala 2025?

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu. Ndikudziwa kuti pagulu pano nkhani zambiri ndi za Bullets, Wanderers ndi ligi ya ku England, koma lero ndabwera ndi mpira wa ku America, wovala zisoti uja. Amene mumautsata mundithandize.

Ndimakhala kufupi ndi Philadelphia, chaka chachitatu tsopano, ndipo ndimagwira ntchito ya usiku kumalo osungirako katundu. Kuno ukapanda kutsata Eagles, nthawi yopuma umangokhala duu anzako akukambirana. Ndiye ndinayamba kuonera, moti pa 9 Febuluwale chaka chino cha 2025, ataswa Kansas City Chiefs 40-22 ku New Orleans pa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho, ndinakuwa nawo mpaka mawu kusasa. Tsono anzanga a pa shifiti, tilipo asanu ndi awiri, apangana kuti aliyense alembe osewera 11 a difensi amene adzakhale m'bwalo pa sewero loyambirira penipeni, Dallas Cowboys ikadzabwera ku Lincoln Financial Field pa 4 Seputembala. Wolakwitsa mayina ambiri agulira onse cheesesteak, buledi woika nyama ya ng'ombe ndi tchizi wotchuka kuno. Mapepala tikupereka kwa kapitawo Lachisanu lino, akawatsekera mu envelopu. Ndalama ya cheesesteak zisanu ndi ziwiri imeneyo ndi ya fetereza wa amayi kumudzi, abale.

Chandisokoneza ndi ichi. Kwathu ukati 4-4-2, kumbuyo ndi anayi basi. Kuno aliyense akuti Vic Fangio, kochi wa difensi ya Eagles, amasewera 3-4, koma ine ndikawerenga pa TV ndimapeza anayi kutsogolo, awiri pakati, asanu kumbuyo. Maso anga akundinamiza? Komanso anyamata angapo a Super Bowl aja anachoka. Josh Sweat ali ku Arizona, Milton Williams ku New England, Darius Slay ku Pittsburgh, C.J. Gardner-Johnson anamutumiza ku Houston, Brandon Graham anapuma. M'malo mwawo ndiike ndani?

Mkulu wina wa ku Maryland:
Achimwene, maso anu ali bwinobwino. 3-4 ija imaoneka adani akalowetsa anthu olemera, ma tight end awiri kapena fullback (otchingira mnzawo wonyamula mpira), kusonyeza kuti akufuna kuthamanga ndi mpira. Pamenepo Fangio amaika zimphona zitatu pakati, awiri m'mbali, ma linebacker awiri (oima kuseri kwa mzere wakutsogolo), ndi anayi kumbuyo. Koma matimu a masiku ano nthawi zambiri amalowetsa ma receiver atatu (owakha mpira woponyedwa), ndiye difensi imatulutsa chimphona chimodzi n'kulowetsa wachisanu kumbuyo. Imeneyo ndiye amati nickel. Awiri a m'mbali aja pamodzi ndi zimphona ziwiri zotsala amapanga mzere wa anayi, n'chifukwa chake mukupeza 4-2-5. Mpira uno kusintha osewera kulibe malire, sewero lililonse ena amalowa ena amatuluka, ndipo difensi imayamba yaona amene adani alowetsa. Choncho pepala lanu lidalira Dallas. Ali ndi CeeDee Lamb, awonjezera George Pickens kuchokera ku Pittsburgh, anthu otere sangabwere kudzabisa ma receiver awo. Ine ndikanalemba nickel.

Mumvetsenso khalidwe la mdala Fangio. Sakonda blitz, ndiko kutumiza anthu owonjezera kukasaka quarterback, woponya mpira wa adani. Amasunga ma safety awiri kutali kumbuyo ngati denga, mpira usanachoke onse amaima mofanana, ukangochoka mmodzi amatsika, quarterback amazindikira mochedwa kuti wamutchera pati. Pa Super Bowl paja Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, anagwetsedwa kasanu ndi kamodzi popanda blitz ngakhale imodzi, ntchito ya anayi akutsogolo okha. Pa kasanu ndi kamodzi pamenepo, kanayi ndi theka kanali ka Sweat ndi Williams. Theka limabwera awiri akamugwetsera limodzi. Ndiye kuchoka kwa awiriwa musakuone mopepuka.

Mayina oti mulembe ndi bolopeni osaopa ndi awa: Jalen Carter pakati, Nolan Smith m'mbali, Zack Baun, Quinyon Mitchell, Cooper DeJean ndi Reed Blankenship. Mbali inayo ya kutsogolo ndingaike Jalyx Hunt, ngakhale atenga Azeez Ojulari ndi Josh Uche. Malo anayi otsalawo yambani ndi pensulo.

Mayi wina wa ku Dallas:
Lembani aliyense amene mukufuna achimwene, Lamb awadutsa onse. Cheesesteak yo mungoyambiratu kusunga ndalama.

Wofunsa:
Achemwali, timu yanu inanyamula chikho komaliza mu Januwale 1996, ine ndili ku pulayimale. Tiyeni tilemekezane. Akulu a ku Maryland, zikomo kwambiri, zayamba kumveka. Nanga pambali pa Baun? Ine ndinalemba kale Nakobe Dean.

Mkulu wina wa ku Maryland:
Fufutani. Dean anavulala bondo mu Januwale pa masewero a playoff olimbana ndi Green Bay, mtsempha wa pansi pa chivundikiro cha bondo unaduka, ndipo kuvulala kumeneko sikuchira msanga. Oren Burks amene anamulowa m'malo anapita ku Cincinnati. Atenga Jihaad Campbell wa ku Alabama pa nambala 31 mu draft (pomwe matimu amasankha osewera atsopano a ku makoleji), ndipo Eagles sizolowera kuwononga mwayi woyamba pa linebacker, ndiye ngati anatero akufuna asewere. Jeremiah Trotter Jr. aliponso, koma ine ndikuti Campbell. Mukamaonera muyang'ane kadontho kobiriwira kumbuyo kwa chisoti cha mmodzi wa iwo. Ameneyo ndiye ali ndi wailesi, amamva mawu a Fangio kuchokera m'chipinda chapamwamba pa bwalo n'kuuza anzake. Dean atavulala udindo umenewo unagwera Baun, munthu amene ku New Orleans Saints sankawerengedwa n'komwe, koma Fangio atamusunthira pakati anakhala All-Pro, mmodzi wa opambana pa malo ake mu ligi yonse, chaka chomwecho.

Mnyamata wina wa ku Lilongwe:
Ine zonsezi ndimaonera pakati pa usiku, masewero amenewo kuno adzayamba cha m'ma 2 koloko mbandakucha wa Lachisanu. Koma ndikutsutsana nanu pang'ono bwana. Mwasiya malo a pafupi ndi Carter ngati osadziwika, pomwe Jordan Davis alipo. Munthu wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi uja angakhale panja?

Mkulu wina wa ku Maryland:
Mphwanga, Davis ndi wotseka njira adani akamathamanga ndi mpira. Chaka chatha ikafika nthawi yoti aponya, ankatuluka n'kulowa Williams. Pano ntchito ya Williams ikupita kwa Moro Ojomo. Mukandifunsa amene adzasewere masewero ambiri pa awiriwa, sindingachedwe kutchula Ojomo. Koma mpikisano wa achimwenewa ndi wa sewero loyamba lokha, pomwe patsala mayadi 10 ndipo adani angathe kuthamanga kapena kuponya. Pamenepo Davis amakhalamo. Ndiye mwapambana, alembe Davis.

Bambo wina wa ku Harare:
Pa safety musavutike, lembani Andrew Mukuba. Mwana ameneyo anabadwira kuno ku Harare, banja lake linasamukira ku Austin, Texas iye ali wamng'ono. Anasewera ku Clemson kenako ku Texas, Eagles anamutenga m'chigawo chachiwiri cha draft. Masiku apitawa pa masewero okonzekera ndi Cleveland anawakha mpira wa adani n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa. Sydney Brown ndi wolimba, amagunda ngati galimoto, koma difensi imeneyi imafuna safety wodekha, wowerenga, osati wothamangira moto. Ndikuvomera kuti mtima ukundikokera kwathu, komabe.

Wofunsa:
Mukuba ndalemba, wa kwathu ndi wa kwathu. Chatsala ndi cornerback, wolondera receiver m'mbali, wolowa m'malo mwa Slay. Kuntchito agawanika, ena Kelee Ringo, ena Adoree' Jackson, wina akuti Jakorian Bennett amene wangobwera kuchokera ku Raiders. Ine mtima uli pa Ringo, ndi wamtali, wachangu, wachinyamata.

Mkulu wina wa ku Maryland:
Apa pokha ndi pa mwayi. Ringo ali ndi thupi, koma akanakhala kuti wawakhutiritsa, sakanapita kukatenga Bennett mu Ogasiti muno. Kochi wachikulire akakayika amathamangira kwa munthu amene waona zambiri, ndipo Jackson wakhala mu ligi kuyambira 2017. Samalaninso ndi DeJean. Mu nickel amasewera mkati, koma akabwerera ku 3-4 samutulutsa, amangomusuntha, ndiye dzina lake silikutayitsani mbali iliyonse. Pa Ringo chitani zomwe mtima wanu ukufuna, ndalama ndi zanu.

Wofunsa:
Ndapereka: Smith, Carter, Davis, Hunt, Baun, Campbell, Mitchell, Ringo, DeJean, Blankenship, Mukuba.

Wofunsa, pa 5 Seputembala:
Abale, ndabwera ndi lipoti. Tapambana 24-20, achemwali a ku Dallas moni. Pa Ringo ndinalakwitsa, anayamba ndi Jackson monga ananenera akulu aja, ngakhale Lamb anamuvutitsa ndithu. Campbell anasewera ngati wakale, anagwetsetsa mpira m'manja mwa Miles Sanders wa Dallas, iwo ali pafupi kugoletsa. Koma chomwe palibe anachilota ndi cha Carter. Atangomenya mpira wotsegulira masewero, sewero loyamba lisanachitike n'komwe, analavulira malovu Dak Prescott, quarterback wa Dallas, oyimbira n'kumutulutsa. Tonse asanu ndi awiri dzina lake linali pamapepala athu, ena pamwamba penipeni, kapitawo atatsegula envelopu anangogwira pakamwa. Cheesesteak wagula mnzathu amene analemba 3-4 ndi Dean yemwe. Ine ndadya yanga ndi anyezi wambiri, ya fetereza ndatumiza m'mawa uno.

Mayi wina wa ku Dallas:
Mubwere kuno mu Novembala.