Anamwino anga atopa mpaka mumtima: inchaji angachitepo chiyani?

Inchaji_wakumudzi

Moni nonse a zaumoyo. Ndikuyang'anira chipatala chaching'ono chakumudzi chomwe chili ndi anamwino azamba 4, medical assistant mmodzi ndi alangizi a zaumoyo. Miyezi ino anzanga asintha. Akukalipira odwala pa tinthu tosapsetsa mtima, partograph (tchati yolondolera mmene mayi akuchirira) akuilemba mwana atabadwa kale, ndipo sabata siitha popanda wina kudandaula mutu kapena msana. Mmodzi, chimwalirireni mayi wina pochira mwezi watha, sakufunanso kutsala yekha m'chipinda chochirira. Kuwonjezera antchito si mphamvu yanga. Ndichite chiyani ndi zomwe zili m'manja mwangamu? Nanga ndingasiyanitse bwanji munthu amene wangotopa ndi amene akudwala maganizo?

Matroni_wopuma

Sisita, musanaitane mlangizi aliyense, matulani rosita pakhomapo muiyang'ane cholembera chili m'manja. Munthu wosagona salangizika, mawu amangomudutsa.

Manaiti otsatizana asapitirire 3 ngati n'kotheka. Kumalo ena anazolowera manaiti 7 kenako ofu ya sabata, ndipo anamwino amaikonda chifukwa imapereka mpata wokaona kumudzi. Koma tulo ta masana sitikwana ngati ta usiku, ndiye pofika naiti yachinayi munthu amakhala ali ndi ngongole yaikulu ya tulo. Choipitsitsa, ofu ija ambiri amaigulitsa ku lokamu (ntchito yowonjezera yolipidwa padera), n'kubwerera pantchito ali otopa kuposa mmene anachokera. Pakati pa kuweruka ndi kulowanso pakhale maola osachepera 11. Wotuluka naiti yomaliza agone kunyumba usiku wonse kawiri asanayambenso. Mashifiti aziyenda cham'tsogolo, m'mawa, masana, kenako usiku. Kubwerera m'mbuyo thupi limakana.

Pa naiti penipenipo, nthawi yoopsa ndi ya m'bandakucha, kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko. Apa ndi pamene maso amalemera ndipo mlingo wa mankhwala umasokonekera. Wodi ikakhala bata, kugona mphindi 20 nthawiyi isanakwane kumathandiza, bola pakhale womudzutsa, kaya ndi attendant. Zikapitirira mphindi 30 amadzuka mutu uli wolemera, ndipo mayi wotaya magazi akafika nthawi imeneyo amapeza munthu wosokonezeka. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija alekeze kutatsala maola 6 kuti akagone. Nsima yambiri pakati pa usiku imagwetsa ulesi; ndi bwino nthochi, mtedza kapena mbatata pang'onopang'ono, ndi madzi. Akafika kunyumba, bulangete pazenera, foni chete, ana auzidwe kuti amayi ali mtulo. Tsiku lotuluka naiti yomaliza agone maola 3 kapena 4 okha n'kudzuka, kuti usiku tulo tibwere.

Rosita izituluka kutatsala masabata 2, ndipo tchuthi cha pachaka cha aliyense chilembedwe mu Januwale. Khirisimasi ndi Pasaka zisamagwere munthu yemweyemweyo. Kukondera pa rosita kumatopetsa mtima kuposa mzere wa odwala wofika pa mtengo wa mango.

Clinician_wazamaganizo

A Matroni alasa. Ine nditenge funso lanu lachiwiri, Sisita.

Bungwe la WHO, m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11, silitenga burnout, kutopa kofika mumtima kumene mukunenaku, ngati matenda koma ngati vuto lochokera kuntchito, ndipo lili ndi mbali 3: kutheratu mphamvu, kuuma mtima pa ntchito ndi pa odwala, ndi kudziona ngati palibe chomwe ukuphulapo. Mungalizindikire chifukwa limamangika kuntchitoko. Munthuyo akapita ku ukwati kapena ku kwaya amaseka, amadya, amagona. Tsiku lolowa likayandikira mtima umayamba kulemera.

Matenda a kukhumudwa amamutsata munthu kulikonse. Kwa masabata 2 kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku ndi tsiku, amakhala wosweka mtima, zomwe ankazikonda sizimukomanso, chakudya sichilowa, amadzuka pakati pa usiku osagonanso, amadziimba mlandu. Ofu siimuchiza. Ndipo anthu athu, angakhale ophunzira zachipatala, kawirikawiri sanena kuti akhumudwa. Amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukuthamanga", "mutu ukutentha", "thupi likuphwanya". Namwino amene wayezedwa malungo katatu osapezeka nawo, muyang'aneni kawiri. Koma za m'thupi ziyezedwenso: kuchepa kwa magazi, shuga, BP, TB ndi HIV, chifukwa nazonso zimafooketsa chimodzimodzi.

Poyankhula naye, musachitire pa hendova (nthawi yopatsirana ntchito posinthana shifiti) kapena pamaso pa odwala. Pezani malo a awiri, ndipo yambani ndi zomwe mwaona, osati mlandu: "Achemwali, masabata ano simukudya nafe ndipo mukuoneka wotopa. Zikuyenda bwanji?" Mukatero khalani chete, ngakhale chete ameneyo atalike. Mawu akuti "limbani mtima", "ena akuvutika kuposa inu" kapena "ingopempherani" amatseka pakamwa. Pemphero limathandiza ambiri, koma lisalowe m'malo mwa kumvetsera.

Pali mafunso oyezera matenda a kukhumudwa otchedwa PHQ-9, ndipo a Chichewa alipo. Ndi mafunso 9, lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27. Akafika 10 kapena kuposa, akaonedwe ndi wodziwa za maganizo. Langizo langa ndi lakuti musamufunse ndinu mwini, chifukwa munthu sayankha zoona kwa amene amamulembera lipoti la kagwiridwe ka ntchito. Funso lachisanu ndi chinayi, lokhudza maganizo a imfa, likaposa 0 musadikire mawa. Funsani mosazungulira: "Kodi pali nthawi yomwe mumaganiza zodzipha?" Kufunsa sikudzala maganizowo mwa munthu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Ngati wakonza kale njira, asatsale yekha, makiyi a kabati ya mankhwala achoke m'manja mwake, wachibale achotse mankhwala oopsa kunyumba, ndipo apite ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu tsiku lomwelo.

Kotumiza: yambani ndi namwino kapena clinical officer wa zamaganizo wa ku chipatala cha boma lanu. Kupitirira apo kuli Zomba Mental Hospital, Queen Elizabeth ku Blantyre, Bwaila ku Lilongwe, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ambiri amaopa kuonedwa ndi anzawo omwe anali nawo kalasi imodzi, ndiye ngati akufuna kukaonedwa ku boma lina, muthandizeni kutero.

Za mankhwala, omwe amapezeka kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Amayamba kugwira pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo munthu akapeza bwino amapitiriza kwa miyezi 9 mpaka 12. Pomwe anthu a zaumoyo amalakwitsa ndi kudzilembera okha, kumwa sabata imodzi, n'kusiya ati sakugwira. Amitriptyline amagonetsa, choncho sagwirizana ndi naiti, komanso ndi woopsa akamwedwa wambiri. Wodwala amene ali ndi maganizo a imfa asapatsidwe wa mwezi wonse nthawi imodzi.

Mzamba_wa_audit

Sisita, ndikhudze za mnzanu amene akuopa chipinda chochirira.

Masabata oyamba imfa yotere ikachitika, kulota zomwe zinachitika, kudzidzimuka ukamva mayi akubuula, kuopa bedi lomwe anamwalirirapo, zonsezi zimachitika kwa anthu ambiri ndipo nthawi zambiri zimazilala zokha. Muuzeni zimenezi, chifukwa mwina mumtima akudziyesa wopenga kapena wosayenera ntchito. Koma zikapitirira mwezi osachepa, kapena zikamakula, akufunika wodziwa za maganizo. Inu mwati mwezi watha, ndiye mwafika pamalire.

Zinthu ziwiri musachite. Musamukakamize kufotokoza zonse mwatsatanetsatane pagulu pofuna kuti atulutse za kukhosi. WHO siilimbikitsa njira imeneyi chifukwa siithandiza, ndipo ena imawabwezera pamoto. Musamupatsenso diazepam kuti agone. Amagonetsa lero, koma mantha aja sawachotsa, ndipo munthu amazolowera msanga.

Kumuchotseratu m'chipindamo nakonso ndi kulakwitsa, pakuti mantha amakula munthu akamathawa chomwe akuchiopa. Mubwezeni pang'onopang'ono. Sabata yoyamba alowe masana ali ndi mnzake, azigwira ntchito zopepuka monga kuyeza BP ndi kumvetsera mtima wa mwana. Kenako achiritse mayi wopanda zovuta mnzake ali pambali. Kenako yekha masana, mnzake ali pafupi poti akhoza kumuitana. Naiti ibwere pomaliza. Kubwereza pamodzi njira yothandizira mayi wotaya magazi kapena wokomoka ndi BP, ndi kuyala bwino thireyi ya ngozi yokhala ndi oxytocin, magnesium sulphate, ma cannula ndi madiripi, kumabweza chidaliro m'manja.

Pa audit ya imfayo, msonkhano wofufuza chomwe chinachititsa, lamulo ndi lakuti sipatchulidwa dzina ndipo sipalozedwa chala. Mafunso akhale akuti ambulansi inaitanidwa nthawi yanji ndipo inafika nthawi yanji, mankhwala analipo kodi, magetsi analipo kodi, pa shifiti panali anthu angati. Audit ikasanduka bwalo la milandu, anthu amayamba kubisa ndi kukonza mafayilo, ndipo mayi wotsatira ndi amene amalipira. Ngati abale a malemu akumuloza chala m'mudzi, inuyo ndi komiti ya chipatala, pamodzi ndi amfumu, mukumane nawo. Asasenze yekha.

Inchaji_wakumudzi

Zikomo kwambiri nonse. Rosita ndiikonza, ngakhale ndi anthu 4 wina akangodwala zonse zimagwa. Tinayesapo kumakumana kuti tizikambirana, koma zimangothera pa madandaulo a malipiro ndi ngongole, anthu n'kutuluka okwiya kuposa mmene analowera. Pali njira ina yoyendetsera?

Mlangizi_CBT

Ilipo, Sisita. Msonkhano wopanda dongosolo umasanduka maliro a malipiro. Tengani njira yomwe imagwiritsidwa ntchito pa Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu wa zamaganizo yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ndipo inafikanso kuno kwathu: vuto limodzi, njira imodzi, tsiku loti lichitike.

Kumanani mphindi 30, kamodzi pa masabata 2, nthawi yokhazikika odwala akachepa masana. Wotsogolera azisinthana, asamakhale inu nthawi zonse. Mphindi 5 zoyamba aliyense anene mwachidule mmene alili. Kenako lembani mavuto onse papepala m'magulu awiri, omwe mungawasinthe nokha ndi omwe ali m'manja mwa a DHO, akuluakulu a zaumoyo m'boma lanu. Sankhani limodzi la gulu loyamba, laling'ono ndi looneka, monga "sitikudya masana". Aliyense apereke njira popanda womutsutsa, musankhe imodzi, mulembe wochita ndi tsiku. Msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa ngati zinatheka. Zolankhulidwa m'menemo sizituluka, kupatula ngati moyo wa munthu uli pangozi, ndipo zimenezi zinenedwe poyera tsiku loyamba.

Za ngongole musazikankhire kunja, chifukwa katapila ndi ngongole zodulidwa pa malipiro ndi zomwe zimathamangitsira anthu ku lokamu osapuma. Koma zimenezi zimayenda bwino pa awiri: munthu alembe ngongole zake zonse ndi chiwongoladzanja chake, ayambe kubweza yodya kwambiri, ndipo asatenge yatsopano yobwezera yakale.

Yang'aniraninso mowa ndi mankhwala. Fungo la mowa m'mawa, kujomba tsiku lotsatira malipiro, munthu amene amadzipereka nthawi zonse kusunga makiyi, kaundula wa pethidine (mankhwala amphamvu opha ululu) kapena diazepam wosagwirizana ndi zomwe zili m'kabati. Muziwerenga awiriawiri pa hendova iliyonse ndi kusaina nonse. Mukapeza vuto, mupatuleni pa odwala ndi pa makiyi, dziwitsani a DNO, mkulu wa anamwino m'boma lanu, ndipo pempho lanu likhale loti alandire chithandizo, osati chilango chokha.

Mavuto a gulu lachiwiri aja apite kwa a DNO ndi manambala, osati ndi mawu akuti tatopa: amayi ochira pamwezi, manaiti a munthu aliyense, masiku omwe anthu anadwala, masiku a tchuthi omwe sanatengedwe. Pemphani chinthu chimodzi chotheka, monga namwino wa relief wa mwezi umodzi kuti anthu apite ku tchuthi mosinthana. Amene ali mamembala a NONM, bungwe la anamwino ndi azamba, atumizenso kalata yomweyo kumeneko. Ndipo pa ndandanda wa tchuthiwo dzina lanu likhalepo, Sisita, ndi tsiku lake, komanso dzina la amene adzagwire makiyi inu kulibe.