"Nyanja ili ndi mimba yofewa koma mutu wolimba": mwambi wa ku Malta umenewu ukutanthauzanji?

Akuluakulu, ndithandizeniko. Anthu a ku Malta ali ndi mwambi woti "Il-baħar żaqqu ratba u rasu iebsa", ndiye kuti nyanja ili ndi mimba yofewa koma mutu wolimba. Mawuwo ndikuwamva, koma phata lake likundizemba. Mimba ya nyanja ndi iti, nanga mutu wake ndi uti?

Chandifikitsa pa mwambiwu ndi mbiri ya Amalta oyamba kukakhala ku San Francisco, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Malta ndi tizilumba ta pa nyanja ya Mediterranean, kummwera kwa Sicily, masikweya kilomita 316 basi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dzikoli linali m'manja mwa Britain, ndipo mabanja ambiri ankadalira ntchito za padoko pomwe ankakonzerapo sitima zankhondo za Angerezi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, ntchito padokopo zinachepa, anthu n'kuchotsedwa, buledi n'kukwera mtengo. Pa 7 June 1919 ku Valletta, likulu la Malta, kunabuka zipolowe, asilikali a Britain anawombera anthu, anayi n'kufa. Zitatero anyamata ambiri anakwera sitima. Ochuluka anakathera ku Detroit kumafakitale a galimoto, ena ku New York, koma ena anapitirira mpaka ku California, kumene anakapeza anzawo atakhazikika kale m'dera la Bayview, kufupi ndi madoko a Hunters Point.

Chandikhudza kwambiri ndi tchalitchi chawo ku Bayview, St. Paul of the Shipwreck, chokumbukira kusweka kwa chombo cha Paulo Woyera. Anthu oti angowoloka nyanja yaikulu, asiya makolo kutsidya, n'kumapemphera m'nyumba yotchedwa dzina la ngozi ya pamadzi! N'chifukwa chake ndikufunsa: mwambiwu ukunena za madzi okha, kapena ukunenanso za ulendo wa munthu wosiya kwawo?

Yankho loyamba

Achimwene, yambani ndi mutuwo. Kwa Amalta, munthu wa "ras iebsa" ndi wamakani, nkhutukumve. Musasokoneze ndi kuuma mutu kwathu kuno konena mwana wolephera m'kalasi. Mimba yofewa ndi nyanja ikadekha: mumalowamo mosavuta, imakupatsani nsomba, imakunyamulani. Koma ikakwiya simungainyengerere, ichita zimene yafuna. Funsani msodzi aliyense wa ku Nkhotakota za mwera. M'mawa madzi ali bata, masana bwato lagubuduzika. Ine ndikuona kuti ndi chenjezo la asodzi kwa ana awo, palibenso china.

Yankho lachiwiri

Pa dzina la tchalitchilo musadabwe, bambo. Werengani Machitidwe a Atumwi 27 ndi 28. Chombo chimene chinatenga Paulo kupita naye ku Roma chinali ndi anthu 276, chinasweka ndi namondwe, koma sanafe ndi mmodzi yemwe. Chilumba chimene anapulumukirapo ndi Melita, Malta yemweyu. Eni chilumba anawasonkhera moto chifukwa kunali mvula ndi chisanu, ndipo Paulo anakhala nawo miyezi itatu. Amalta amati chikhristu chawo chinayambira pamenepo, mwakuti 10 February ndi tsiku la tchuthi kwawo mpaka lero. Kwa iwo dzinali silinena za tsoka ayi, likunena za alendo amene nyanja inawalavula pagombe ndipo analandiridwa. Munthu wofika kudziko la eni wopanda Chingerezi chokwanira, angafunenso dzina lina liti? Wansembe wawo, Bambo Theophilus Cachia a chipani cha Fransisko Woyera, anali Mmalta mnzawo, moti ankatha kulapa m'chinenero chawo.

Wofunsa uja

Zikomo nonse. Achimwene oyamba, tanthauzo la asodzilo ndalilandira, ndipo ndikuvomera kuti ndi lenileni. Komabe mtima wanga sukuchoka pa anthu aja. Mu 1921 America inakhazikitsa lamulo loika malire pa chiwerengero cha olowa m'dzikomo, mu 1924 n'kulikhwimitsa, ndipo Amalta ololedwa anatsala ochepa zedi. Taganizani bambo amene anatsogola mu 1920 poti akapeza ntchito aitanitsa mkazi ndi ana. Popita njira inali yofewa, poitana banja khomo lapezeka lotseka. Ngakhale anatseka ndi aphungu a ku Washington, chimene bamboyo ankachiona tsiku ndi tsiku ali ku Bayview ndi madzi omulekanitsa ndi ana ake.

Ndiye funso langa latsala apa, makamaka kwa amene mudakhalapo ndi Amalta ku Britain kapena ku Australia: mwambiwu amaunena pa nyanja pokha, kapena amathanso kuunenera munthu, kapena dziko, lokulandira ndi nkhope yosekerera koma losasunthika pa zimene lagamula?